Mwini wake ndani, adzabweza ndani? Za borrow ndi lend

Munali m'mwezi wa Juni, nyengo imene cisanu ca ku Angónia cimalowa m'kalasi pamodzi ndi ana. Tinakhala pa mpando wa kumbuyo, pepala loyesera lili pamwendo, tikuonerera mnyamata wina amene tinali kumuphunzitsa nchito ya uphunzitsi. Inali nthawi yake ya estágio, ndipo tsiku limenelo anapatsidwa kalasi la 7, phunziro la Cingerezi. Anali atakonzeka bwino. Dongosolo la phunziro analilemba mwaukhondo, mawu ake anali kumveka mpaka kumbuyo, ndipo lamulo lake analinena poyamba pomwe: kwa mphindi 45 zimenezo, pakamwa pa aliyense pazituluka Cingerezi cokha.

Ana ali mkati mokopera za pa bolodi, colembera ca mtsikana wina wa patsogolo pathu cinauma. Anacigwedeza, anaciuzira mpweya, anacikanda pa cikuto ca kope, koma ayi ndithu. Kenaka anaceukira mnzake, ndipo pofuna kusunga lamulo la aphunzitsi ake ananong'ona kuti: "Borrow me your pen." Mphunzitsi anamva. Anamuimiritsa namuuza kuti abwereze mokweza. Mwanayo anabwereza, ndipo anzake, ngakhale amene sanadziwe pamene palakwika, anaseka. Mphunzitsi analemba mawu awiri pa bolodi, borrow ndi lend. Poona kuti Cingerezi cokha sicimufikitsa, anaswa lamulo lake lomwe nathawira ku Cipwitikizi. Anati lend ndi emprestar. Atafika pa borrow anaima pang'ono, nati awanso ndi emprestar, koma wa mbali inayo. Mnyamata wina anakweza mkono nafunsa kuti: "Aphunzitsi, mbali iti?" Yankho linali lakuti angoloweza.

Mtsikana uja anakhala pansi. Colembera sanapemphenso, ndipo mpaka belu linalira sanalembe kanthu. Ife tinaziona zonsezi, komabe pa pepala lathu tinalemba kuti mphunzitsi wakonza colakwa ca wophunzira pa nthawi yake, ndipo tinamupatsa malikisi abwino. Tikuvomera pano kuti tsiku limenelo olephera tinalipo awiri, ndipo wamkulu mwa olepherawo tinali ife.

Madzulo ake, tili pakhomo, kunabwera kamwana ka anansi athu. Kanagwada pa khonde nkunena kuti: "Amayi akuti muwabwerekeko sefa." Mawu otere tawamva kuyambira tili ana, ndipo sitinaganizepo kuti muli nkhani. Koma madzulo amenewo anatilowa m'khutu mwatsopano. Muwabwereke. Ndibwerekeni. Tikaika mawu amenewa m'Cingerezi limodzi ndi limodzi, amene amatuluka ndi omwe aja: borrow me. Mtsikana uja sanalankhule zopanda mutu. Anatenga ciganizo colongosoka ca Cinyanja, cimene agogo ake sangacipezere cifukwa, naciveka malaya a Cingerezi. Colakwa cake cinali ndi kwawo, ndipo kwawoko tinali kukudziwa tonse, ife ndi mphunzitsi uja, popeza Cinyanja tinayamwira. Cimene cinatilepheretsa kuzindikira n'cakuti tinazolowera kusiya Cinyanja panja pa citseko tikamalowa m'kalasi.

Zimene Cingerezi cimafuna

Cocitika n'cimodzi: colembera cikucoka m'dzanja la mwini wake kupita m'dzanja la wina, ndipo awiriwo agwirizana kuti cidzabwerera. Cingerezi cimayang'ana cocitikaci kucokera ku mbali ziwiri, ndipo mbali iliyonse cinaipatsa mneni wakewake. Wopereka, mwini cinthu, ndiye amacita lend. Wolandira, amene adzabweza, ndiye amacita borrow. Aneni awiriwa sasinthana malo.

Kusiyana kwawo sikuthera pa tanthauzo, kumafikanso pa kamangidwe ka ciganizo. Mneni lend amatha kusenza zinthu ziwiri pambuyo pake, munthu wolandira ndi cinthu coperekedwa: She lent me a pen. Tikafuna kutsogoza cinthu, munthuyo amabwera ndi mperekezi to: She lent a pen to me. Koma borrow amasenza cinthu cokha. Munthu amene cinthuco cacokera kwa iye amaima patali pang'ono, kuseri kwa mperekezi from: I borrowed a pen from her. Conco mwana akati borrow me, waika munthu pa malo a cinthu, ndipo kwa wotsata lamulo la Cingerezi zimamveka ngati mwanayo akupempha kuti iye mwini atengedwe monga khasu, akagwiritsidwe nchito, kenaka abwezedwe.

Wofuna colembera ali ndi njira ziwiri zopemphera. Akhoza kudziika yekha patsogolo nati: Can I borrow your pen? Akhozanso kuika mnzake patsogolo nati: Can you lend me your pen? Copemphedwa n'comweco, koma mwininkhani akasintha, mneni amasinthanso. Apa ndi pamene ana ambiri amapunthwa, cifukwa amagwira mneni wa njira yoyamba nkumuyendetsa m'njira yaciwiri.

Pa nthawi yakale palinso msampha wina. Mneni borrow amatsata njira ya aneni ambiri, amangolandira -ed nkukhala borrowed. Mnzake lend amasanduka lent, monga mmene send amasandukira sent, spend amasandukira spent, ndi bend amasandukira bent. Mwana wolemba lended nayenso sanalote. Watsata lamulo limene tinamuphunzitsa ife tomwe, kungoti walifikitsa kumene silifika. Pa maina, wolandira ndi borrower, wopereka ndi lender, ndipo coperekedwaco, makamaka cikakhala ndalama, ndi loan.

Tisaganize kuti kugawa cocitikaci pawiri ndi umboni wa nzeru zoposa. Ndi cizolowezi cabe ca cilankhulo. Mawu akuti borrow anacokera ku liwu lakale la Cingerezi lonena za cikole, pamene lend ndi loan ali pacibale. Cijeremani, cimene cili pa ubale wapafupi ndi Cingerezi, cili ndi aneni leihen ndi borgen, ndipo aliyense wa iwo amatha kuimira mbali zonse ziwiri, ya wopereka ndi ya wolandira. Mwana wa ku Berlin wophunzira Cingerezi amapunthwa pa mwala womwewo umene anapunthwapo mtsikana wa ku Angónia.

Zimene Cinyanja cimacita

Tiyeni tsopano tiyang'ane kwathu. Mneni kubwereka amayenda mbali zonse ziwiri. Tikati "Ndabwereka khasu kwa amalume," wolandira ndi ine. Tikati "Amalume andibwereka khasu," mneni ndi yemweyo, koma tsopano wocita ndi mwini khasu. Palibe Mnyanja amene amasokonezeka, cifukwa kamphatikira -ndi- kamene kalowa m'kati mwa mneni kanena kale kumene khasulo likupita. Cimene Cingerezi cimanena posintha mneni yense, Cinyanja cimacinena ndi kacidutswa kamodzi. Apa ndi pamene colakwa ca mtsikana uja cinabadwira.

Koma Cinyanja comweco cili ndi mankhwala ake. Tili ndi mneni kubwereketsa, amene sayenda mbali ziwiri. Tikati "Njinga yanga sindibwereketsa," kapena "Amalume abwereketsa khasu lawo," aliyense amadziwa kuti tikunena za mwini cinthu. Kubwereketsa ndiye lend weniweni. Kamene kasintha tanthauzo ndi kacidutswa -ets-, kamene tikaika pa mneni timanena kuti munthu wacititsa wina kucita kanthu. Kacidutswa kameneka kamaoneka monga -ets- pamene tsinde lili ndi e kapena o, ndipo kamaoneka monga -its- pamene lili ndi a, i kapena u. Mwana wa zaka zinayi amakagwiritsa nchito bwinobwino asanaone citseko ca sukulu.

Taonani mmene kamagwirira nchito. Kugula ndi kugulitsa. Kuphunzira ndi kuphunzitsa. Kudya ndi kudyetsa. Kuona ndi kuonetsa. Kubwera ndi kubweretsa. Pa awiriawiri onsewa Cinyanja cimasunga tsinde limodzi, pamene Cingerezi cimafuna mawu awiri osafanana m'pang'ono pomwe: buy ndi sell, learn ndi teach, eat ndi feed, see ndi show, come ndi bring. Mwana wolankhula Cinyanja amabwera kusukulu ali ndi mashelefu okonzeka kale m'mutu mwake. Cimene amasowa ndi munthu womuuza kuti liwu lacilendo ili malo ake ndi awa, ilo malo ake ndi awo.

Pali cinthu cimodzi cimene cinatitsimikizira kuti gwero la vutoli ndi limeneli. M'makalasi onse amene tayendera sitinamvepo mwana akusokoneza buy ndi sell, ndipo kusokoneza learn ndi teach nkosowa. Cifukwa cake n'cakuti palibe amene amati "Ndiguleni tomato" pofuna kunena kuti amugulitse, kapena "Ndiphunzireni masamu" pofuna kuphunzitsidwa. Pamene Cinyanja cinalekanitsa mbali ziwirizo kotheratu, mwana salakwa. Amalakwa pa malo okhawo pamene Cinyanja cimalola mneni mmodzi kuyenda uku ndi uku. Colakwa cotere sicingakhale ca ulesi kapena ca kuuma mutu. Cili ndi malo ake, ndipo mphunzitsi wodziwa cilankhulo ca ana angathe kucidikirira pa malopo cisanafike.

Mperekezi kwa nayenso ali ndi mbali yake pa nkhaniyi. Timati "Ndagula mbuzi kwa amalume," timatinso "Ndagulitsa mbuzi kwa amalume." Pa ciganizo coyamba mbuzi ikucoka kwa amalume, pa caciwiri ikupita kwa iwo, koma kwa sanasinthe. Cingerezi cimafuna from pa coyamba ndi to pa caciwiri. N'cifukwa cake mwana amene wagwira kale kusiyana kwa borrow ndi lend amathabe kulemba I borrowed a hoe to my uncle. Vuto lake latsala pa kwa, ndipo tikamubwerezera phunziro lonse la aneni timangomutaya.

Cinyanja cilinso ndi kusiyanitsa kwina kumene Cingerezi cilibe. Tili ndi kukongola ndi kukongoza, ndi dzina lake ngongole. Timakongola ndalama, cimanga kapena thumba la feteleza, zinthu zimene tidzadya kapena kumwaza m'munda nkudzabweza zina zolingana nazo. Khasu, njinga ndi sefa timabwereka, ndipo tidzabweza zomwezo. Mcere ndi moto sitibwereka konse: mcere timapempha, moto timapala. Cingerezi cimaponya zonsezi m'dengu limodzi. Munthu amatha kucita borrow njinga, ndalama za ku banki, ngakhale kapu ya shuga imene aliyense akudziwa kuti siidzabwerera. Conco cilankhulo cina cimasamala za kumene cinthu cikulowera, cina cimasamalanso za mtundu wa cinthuco ndi kabwezedwe kake. Palibe cosauka pa ziwirizi. Ndipo onani kuti kukongola ndi kukongoza sasinthana malo: wokongola ndalama ndiye wa borrow, wokongoza ndiye wa lend, popanda cotsala.

Cifukwa cake Cipwitikizi sicinathandize

Mphunzitsi uja atathawira ku Cipwitikizi anakalowa m'nkhalango yowirira kuposa imene anacokamo. Cipwitikizi ca m'mabuku cili ndi mneni mmodzi, emprestar, amene ndi wa mwini cinthu. Wolandira alibe mneni wakewake. Amanenedwa ndi mawu awiri, pedir emprestado kapena tomar emprestado. Koma Cipwitikizi cimene timalankhula m'misika ndi m'mabwalo a sukulu za kuno cinamupatsa kale emprestar nchito ziwiri. Mwana akati "Emprestei a caneta do meu colega," akutanthauza kuti iye ndiye walandira. Cotero kuuza ana kuti lend ndi emprestar kunali kuwafotokozera liwu losadziwika ndi liwu lina limene m'makutu mwawo lili ndi nkhope ziwiri. Mnyamata wofunsa uja anafunsa funso labwino koposa m'phunziro lonse, ndipo yankho lake linali m'kamwa mwa aliyense m'cipindamo. Mawu awiri okha, kubwereka ndi kubwereketsa, akanatha mlandu.

Nanga n'cifukwa ciyani mphunzitsi wolankhula Cinyanja, pamaso pa ana olankhula Cinyanja, akuonereredwa ndi ife olankhula Cinyanja, sanaganize za Cinyanja? Yankho lili m'mene tinakulira. Ambiri mwa ife amene tikuphunzitsa aphunzitsi lero tinayamba sukulu m'zaka za pambuyo pa pangano la mtendere limene linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Mabanja ambiri a m'malire muno anali akubwerera kucokera ku Dedza ndi ku Ntcheu kumene anathawira nkhondo, ndipo akulu athu ena anabwera akudziwa kuwerenga Cicewa, popeza ku Malawi anaciphunzira m'kalasi. Ife tinakalowa sukulu imene cilankhulo cake cinali Cipwitikizi cokha kuyambira tsiku loyamba. Cinyanja cinali kuchedwa dialecto, ndipo wogwidwa akucilankhula anali kugwada panja. Tinaphunzira kukhala cete tisanaphunzire kuwerenga. Amene tinapitirira mpaka ku yunivesite tinatuluka ndi makalata, koma tinatulukanso ndi cikhulupiriro cimene sitinacinene ndi pakamwa, cakuti cilankhulo ca kwathu n'ca kumunda ndi kumaliro, ndipo za galamala n'za eni ake.

Dziko lathu linasiya kale maganizo amenewo, makamaka pa mapepala. Kuyambira 1993 mpaka 1997, bungwe la INDE linayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri kudzera mu nchito yochedwa PEBIMO, m'masukulu ocepa a cigawo ca Tete m'Cinyanja ndi a cigawo ca Gaza m'Xichangana. Mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba m'masukulu ena a boma. Malamulo aakulu a dziko a 2004, pa ndime 9, amalemekeza zilankhulo za m'dziko monga cuma ca cikhalidwe ndi ca maphunziro, pamene ndime 10 imanena kuti Cipwitikizi ndico cilankhulo ca boma. Lamulo la maphunziro la 18/2018 limavomereza kuti sukulu ya pulayimale iziyenda m'njira ziwiri, ya cilankhulo cimodzi ndi ya zilankhulo ziwiri. Zonsezi tinali kuzidziwa, ndipo tinali kuziphunzitsa. Koma lamulo limasintha tsiku limodzi, pamene mwana wogwada panja uja amakhalabe m'kati mwa mphunzitsi kwa zaka zambiri.

Tinabwerera

M'mawa mwake tinamuitana mnyamata uja pansi pa mtengo wa kuseri kwa ofesi. Sitinayambe ndi kumudzudzula, popeza mlandu unali wa tonse. Tinangomufunsa kuti: "Aphunzitsi, mukafuna khasu kwa amalume anu mumati bwanji?" Anayankha mosaganizira kuti: "Ndimati, amalume, ndibwerekeniko khasu." Tinamupempha kuti aike mawuwo m'Cingerezi limodzi ndi limodzi. Anayamba, nalekeza panjira, nagwira pakamwa. Patapita kanthawi anati: "Koma Aphunzitsi, si inu nomwe munatiuza kuti cilankhulo cimaphunziridwa pocilankhula? Ndikatsegula citseko ca Cinyanja, ana sadzacitsekanso."

Mantha ake sanali opanda pake, ndipo inunso mudzakhala nawo. Mwana amene amamva Cingerezi maola ocepa cabe pa sabata afunika kucimva ndi kucilankhula kwambiri pa maola amenewo. Phunziro la Cingerezi limene lasanduka maceza a Cinyanja lamubera mwanayo. Koma pali kusiyana pakati pa kuthawira ku cilankhulo ca ana cifukwa mphunzitsi wasowa conena, ndi kucitenga mwadala, pa malo osankhidwa, kwa mphindi zowerengeka, kuti ciunikire cinthu cimodzi. Tinagwirizana kuti ayese mphindi zisanu.

Sabata yotsatira anaimiritsa ana awiri kutsogolo, mmodzi ali ndi buku, wina alibe. Buku linacoka kwa uyu kupita kwa uyo. Kenaka anafunsa m'Cinyanja mafunso awiri okha: "Mwini wake ndani? Adzabweza ndani?" Kalasi lonse linayankha pamodzi. Anafunsanso kuti mwini bukuyo wacita ciyani. Ena anati wabwereka, ena anati wabwereketsa, ndipo panabuka kamkangano kabwino kamene iye anakalola kwa kanthawi. Mnyamata wina wa kumbuyo, amene sabata yathayo sanatsegule pakamwa, anati kwawo pa ndalama amati kukongoza. Mphunzitsi anagawa bolodi m'mizere itatu. Pa mzere woyamba analemba kubwereketsa ndi kukongoza, pafupi pake emprestar, kenaka lend. Pansi pake analemba kubwereka kwa ndi kukongola, pafupi pake pedir emprestado, kenaka borrow from. Atatero anawauza poyera kuti "Ndibwereke" ndi Cinyanja cabwino, ndipo amene anati borrow me anaganiza bwino m'Cinyanja, kungoti Cingerezi pa malo amenewo cimafuna liwu la mwini cinthu. Mphindi zotsalazo zinali za Cingerezi cokha. Ana anayenda m'kalasi akupemphana makope, marula ndi zofufutira m'njira ziwiri zija, ndipo wopatsidwa aliyense anayenera kunena cimene cacitika kucokera ku mbali yake.

Sitinena kuti colakwaco cinatha tsiku limenelo. Pa nthawi yopuma tinamvabe borrow me pabwalo, ndipo tidzamumvabe. Mtsikana uja sanakweze mkono ngakhale kamodzi. Manyazi a pagulu sacoka ndi phunziro limodzi. Koma titayenda kuona makope tinapeza kuti iye walemba: My aunt lent me a pen. Pamwamba pa lent anali atalemba ndi zilembo zing'onozing'ono kuti mwini. Anali atapeza cogwirira cakecake.

Wina angafunse kuti, ngati borrow me amamveka m'misika ya ku Malawi, ku Zambia ndi ku South Africa, ndipo anthu amamvana, tivutikiranji? Zoona, pamsika wa m'malire palibe amene adzamanidwa colembera cifukwa ca galamala. Koma ana athu sadzathera pamsika. Adzalemba mayeso amene adzaconga ndi anthu otsata Cingerezi ca m'mabuku. Ena adzapita kukagwira nchito ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Johannesburg, ndipo tsiku lina adzapatsidwa pepala la ngongole lokhala ndi mizere iwiri, wina wa borrower, wina wa lender. Wosaina pa mzere woyamba ndiye adzalondoledwa. Pamenepo kusiyana kwa mawu awiriwa kumakhala kusiyana kwa kukhala ndi mbuzi m'khola ndi kuziona zikutengedwa. Tiyenera kuwapatsa Cingerezi ca m'mabuku, koma popanda kuwanamiza kuti cimene anabwera naco n'cacabe.

Kwa inu amene simudzaphunzitsa Cingerezi

Ambiri mwa inu mudzakhala ndi ana a makalasi oyamba, ndipo mwina mukuti nkhani iyi si yanu. Ndi yanu kwambiri, cifukwa maziko a zonse tafotokozazi amaikidwa m'manja mwanu. Mwana amene m'phunziro la Cinyanja anasewerapo ndi kugula ndi kugulitsa, kudya ndi kudyetsa, nadzipezera yekha kuti pali kacidutswa kamene kamatembenuza wocita, ameneyo wadziwa kuti cilankhulo cili ndi malamulo ndipo malamulowo angathe kuonedwa. Nzeru imeneyi adzapita nayo ku Cipwitikizi, ndipo pambuyo pake ku Cingerezi. Ngakhale m'masamu mudzakumana ndi nkhani yomweyi. Pocotsera 17 pa 52, timati 2 sangapereke 7, conco abwereka khumi limodzi kwa 5. Funsani ana kuti wabwereka ndani, wabwereketsa ndani, ndipo wobwereketsayo watsala ndi zingati. Mwana woiwala kuti 5 wasanduka 4 waiwala mbali ya mwini cinthu.

Zolakwa za mtundu umenewu mudzazimva tsiku ndi tsiku m'Cipwitikizi ca ana anu. Mwana adzati "ouvi cheiro," cifukwa m'Cinyanja timamva mawu, timamva fungo, timamva njala ndi kuwawa, zonse ndi mneni mmodzi, pamene Cipwitikizi cimalekanitsa ouvir ndi sentir. Wina adzati "a minha tia nasceu um bebé," cifukwa kubala ndi kubadwa zili pa tsinde limodzi, ndipo iye wapeza nascer yekha. Mukamva zotere, musafulumire kutola coko cofiira. Yambani mwabweza ciganizoco ku Cinyanja mumtima mwanu. Nthawi zambiri mudzapeza kuti cikafika kwawo cimaima cilili. Mukatero mudzadziwa cimene mwanayo akudziwa kale, cimene cikusowa, ndi mawu ocepa amene angamuolotse. Mphunzitsi amene sadziwa cilankhulo ca ana angathe kunena kuti apa palakwika. Inu mungathe kunenanso cifukwa cake, ndipo umenewu ndiwo mwayi umene maphunziro a zilankhulo ziwiri akuika m'manja mwanu.

Akuluakulu amati nkhwangwa yobwereka siicedwa kuguluka. Tikaganiza za zambiri zimene tinaloweza tili ana m'cilankhulo cimene sitinali kucimva, timaona kuti mwambiwu unanena zoona: zinaguluka mayeso atangotha, cifukwa zinalibe pogwira. Cipwitikizi ndi Cingerezi ana athu akuzifuna, ndipo makolo amene amada nkhawa kuti Cinyanja ciwacedwetsa ana awo tiyenera kuwamvera mwaulemu. Yankho lathu kwa iwo lisakhale la pakamwa cabe. Likhale mwana amene akudziwa kusiyanitsa borrow ndi lend, ndipo angathe kufotokozera amayi ake kusiyanako m'Cinyanja pamene akusenda cimanga.

Pepala loyesera lija tinalisintha. Pamene panali funso lakuti kodi mphunzitsi wakonza colakwa, tinaonjezapo lina lakuti kodi wafufuza kumene colakwaco cacokera, ndi linanso lakuti kodi mwana wolakwayo analankhulanso phunziro lisanathe. Inunso tikukupemphani kanthu kamodzi. Mukapita ku estágio, tengani kope laling'ono. Mukamva mwana akulakwa m'Cipwitikizi kapena m'Cingerezi, lembani ciganizo cake monga wacinenera, ndipo pansi pake lembani mmene akanacinenera m'Cinyanja ca kwawo, kaya ndi ca ku Tsangano, ca ku Macanga, ca ku Metangula kapena ca ku Milange. Mukabwerako tidzakhala pansi ndi makope amenewo nkuwerengerana. Ndipo m'thumba mwanu musamasowe colembera capadera, cakuti mubwereke mwana amene cake cauma.